Agogo akayamba kuiwala, asasiyidwe m'manja mwa munthu mmodzi

Mwambo wa Kulamba ukatha ku Mkaika kumapeto kwa August, ndipo alendo a ku Malawi ndi ku Mozambique akabwelela kwao, midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi imatembenukila ku nkhani ya munda. Ena asosa, ena afunafuna mbeu ndi feteleza, ena akonza makasu ndi mapulawo. Koma m'makomo ena muli munthu amene sadziwa ngati caka cino adzalima, cifukwa sangacoke pakhomo ngakhale kwa ola limodzi. Munthu ameneyu asamalila nkhalamba imene nzelu zake zayamba kuthawa. Pa 21 September caka ciliconse dziko lonse limakumbukila matenda a Alzheimer, ndipo ife taona kuti ndi bwino tikambepo mvula isanagwe, pakuti mvula ikagwa ndi pamene mabanja otele amavutika koposa.

Coyamba timvetsetsane za matendawa. Munthu aliyense akakula amaiwalako. Aiwala kumene waika fodya wake, kapena dzina la mdzukulu limamuthawa kwa kanthawi kenaka n'kubwela. Kumeneko ndi kukalamba cabe. Koma pali kuiwala kwina kumene madokotala amati dementia, kumene kumabwela cifukwa ubongo uli kuonongeka pang'onopang'ono. Mai amene waphika nsima zaka 60 aima ndi mthiko m'manja osadziwa coyambila. Bambo asocela panjila ya kudimba lake lomwe. Afunsa funso limodzi kakhumi, aitana mwana wake ndi dzina la mlongo wake amene anamwalila kalekale, ndipo m'kupita kwa zaka amafika posadziwa kuvala, kusamba ngakhale kupita kucimbudzi. Mtundu wofala kwambili wa matendawa unatenga dzina kwa Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany, amene mu 1906 anafotokoza zimene anapeza mu ubongo wa mai wina dzina lake Auguste Deter. Maiyo anayamba kudwala ali ndi zaka za m'ma 50 cabe. Mitundu ina imabwela cifukwa ca sitiloko ndi kuonongeka kwa mitsempha ya magazi ya m'mutu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2021 anthu odwala dementia anali pafupifupi 57 miliyoni, ndipo oposa 60 pa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi apakati, osati kwa azungu monga ambili aganizila. Caka ciliconse anthu pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Pa odwala 100, a Alzheimer ndi 60 kufika 70.

Ena afunsa kuti, ngati ndi matenda, bwanji kale sitinali kuwamva? Analipo, koma anali kupatsidwa maina ena. Komanso anthu ofika zaka 75 kapena 80 aculuka tsopano kusiyana ndi kale. Ndipo kuno kwathu pali cinthu cina cimene tiyenela kucikumbukila. Agogo ambili amene aiwala lelo ndi omwe aja amene m'zaka za m'ma 1990 ndi kuciyambi kwa m'ma 2000 anaika m'manda ana ao cifukwa ca AIDS, mankhwala a ma ARV asanayambe kupelekedwa kwaulele m'zipatala za boma. Ndiwo anatola ana amasiye asanu, asanu ndi mmodzi, nawalela ndi khasu limodzi ndi maganyu. Ana amene akanawasamalila lelo ali kumanda. Otsala ndi adzukulu, kapena mwana wamkazi mmodzi amene anapulumuka. Ngongole imene midzi yathu ili nayo kwa amai amenewa ndi yaikulu, ndipo n'zomvetsa cisoni kuti ena a iwo malipilo ao akhala dzina lakuti mfiti.

Nkhani ya ufiti tiikambe mosabisa, pakuti apa ndi pamene miyoyo imataika. Odwala dementia ambili amasokonezeka kwambili dzuwa likamalowa ndi usiku. Tulo sabwela. Agogo adzuka pakati pa usiku, atsegula citseko, ayamba ulendo wopita kwao, ndiko kunena mudzi umene anakulilamo, mwina umene unasamuka zaka 40 zapitazo. Citenge cigwa panjila iwo osadziwa. M'mawa apezeka ali malisece kuseli kwa nyumba ya munthu wina, kapena pafupi ndi manda, thupi lonse fumbi. Anthu asonkhana, ndipo pasanapite mphindi zisanu wina wakamba kale kuti agwa pa licelo. Kenaka mafunso ayamba. Munali kuti? Munali ndi ndani? Si ndinu munadya mwana wa auje? Ndipo agogo, amene sadziwa ngakhale tsiku kapena dzina la mudzi umene ali, avomela zonse. Ena amaonjezela ndi maina a anzao. Anthu akuti, mwamva, avomela okha.

Kuvomela kwa munthu wotele si umboni. Ubongo wodwala umadzaza mipata ndi ciliconse cimene wamva, ndipo munthu wamantha wozingidwa ndi khamu amayankha inde kuti amusiye. Mukamufunsa ngati ndiye anamanga mseu wa Great East adzavomelanso. Tonse tinamva zimene zinacitika ku Neno m'dziko la Malawi mu January 2016, pamene nkhalamba zinai zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Sitinena kuti iwo anali kudwala matendawa. Tinena kuti pamene ukalamba wokha ukwanila kuphetsa munthu, nkhalamba yoyenda usiku ndi kukamba zosamveka ilibe pothawila.

Lamulo la dziko lino silinasinthe pankhaniyi. Witchcraft Act, Chapter 90 ya malamulo a Zambia, imaletsa kuloza munthu cala kuti ndi mfiti, ndipo imaletsanso nchito ya ofufuza mfiti. Kumenya nkhalamba, kuiotchela nyumba kapena kuithamangitsa m'mudzi ndi milandu ya kupolisi, ndipo a Victim Support Unit alipo cifukwa ca zotele. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso Mental Health Act, imene inalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, ndipo imati wodwala maganizo ali ndi ulemu ndi ufulu monga munthu wina aliyense. Koma lamulo lili ku Lusaka, ndipo khamu limasonkhana pabwalo la mudzi nthawi ya 5 koloko m'mawa. Wopulumutsa agogo pa ola limenelo ndi nyakwawa, kapena munthu mmodzi wolimba mtima amene angavule citenge cake, n'kuwafundika, n'kunena kuti awa timawadziwa, ndi odwala. Cifukwa cake tipempha mafumu athu onse a pansi pa Kalonga Gawa Undi, a Kawaza, a Mbang'ombe, a Kathumba, a Pembamoyo, ndi mafumu anzao monga a Nyanje, kuti nkhaniyi aikambe ndi nyakwawa zao. Mau ocokela ku Mkaika amamveka kumene mau a katekisti safika.

Kwa inu a pabanja, malo oyamba kupita ndi kucipatala. Si kusokonezeka konse kumene kuli dementia. Ngati agogo anali bwino Sabata yatha ndipo lelo abwebweta, kawilikawili pali cina: malungo, cibayo, matenda a m'njila ya mkodzo, kucepa kwa madzi m'thupi, shuga kukwela kapena kutsika, kapena magazi kuundana m'mutu atagwa. Zimenezi zimacizika, ndipo zifuna msanga. Palinso zina zimene zimafooketsa nzelu pang'onopang'ono koma zili ndi thandizo, monga HIV, cindoko cakale, kupelewela kwa mavitamini ena, cisoni cacikulu ca munthu wofedwa, ndi kacasu. Alimi a nkhumba adziwenso kuti akatswili a pa University of Zambia anapeza kuti njoka za m'mimba zoyendelana ndi masese a nkhumba n'zofala ku Katete ndi ku Sinda. Tiana take tikafika mu ubongo timabweletsa khunyu, ndipo nthawi zina timasokoneza maganizo. Yambilani pa kiliniki yapafupi, ndipo akakutumizani ku St Francis, ku Nyanje kapena ku Chipata Central, pitani. Apite ndi munthu amene amakhala nao tsiku ndi tsiku, pakuti ndiye angafotokoze pamene zinayambila. Agogo okha adzauza dokotala kuti ali bwinobwino.

Akakuuzani kuti ndi dementia, dziwani kuti mankhwala ocizilatu kulibe, kuno kapena ku London. Alipo ena, monga donepezil, amene amathandizako kwa kanthawi. Ena atsopano anavomelezedwa ku America mu 2023 ndi 2024, koma amangocedwetsa matenda pang'ono kwa amene angoyamba kumene, ndipo mtengo wake mlimi wa nshawa sangaulote. Tikamba izi cifukwa mbuzi ndi ng'ombe zambili zatha kwa asing'anga ndi kwa aneneli olonjeza kubweza nzelu za agogo. Mbuzi imeneyo ikanagula sopo, bulangeti ndi pulasitiki yoyala pamphasa kwa caka conse. Cimene cili m'manja mwathu ndi kuteteza ubongo tikali ndi mphamvu. Akatswili a Lancet Commission ananena mu 2024 kuti pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa ingapewedwe kapena kucedwetsedwa, ndipo pa zinthu zimene anachula pali BP, shuga, fodya, mowa wambili, kugontha kosathandizidwa ndi kukhala wekhawekha. Kupimitsa BP pa kiliniki sikutenga nthawi yaitali.

Tsopano tibwele kwa wosamalila, amene nkhani ino talembela. WHO imati maola 70 pa 100 alionse osamalila odwala dementia amagwilidwa ndi akazi. Kuno sitifunika kuuzidwa. Mwa mwambo wathu wa Acewa, mwana wamkazi ndiye amatsala pamudzi, ana aamuna apita ku cikamwini kapena ku tauni. Conco katundu yense agwela iye. Adzuka usiku katatu. Acapa zofunda m'mawa uliwonse, madzi ake ocokela kumjigo wakutali. Sangapite kumunda, cifukwa akabwela apeza agogo asonkha moto m'nyumba, kapena apita. Sangapite kumalilo, ndipo anthu ayamba kumunena kuti ndi wonyada. Ku chalichi aoneka kamodzi pa miyezi itatu. Anzake akapalila kaciwili iye akali kubzala, ndipo mu February nkhokwe yake ndiyo yoyamba kutha. Ena amacotsa mtsikana kusukulu kuti azilonda agogo, ndipo mtsikana wocoka mu Grade 7 mwa njila imeneyi kawilikawili sabwelelako. Timadziwanso maukwati amene agwedezeka, mkamwini atatopa nazo.

Coŵaŵa koposa si nchito. N'cakuti munthu amene umusamalila ndiye amakunena. Wodwala abisa ndalama zake pansi pa mphasa kapena m'thumba la cimanga, aiwala, ndipo akuti mwana wake waba. Adya nsima n'kusamba m'manja, mlendo akafika amuuza kuti masiku atatu sanandipatse kanthu. Ndiye pabwela acibale a ku Lusaka kapena ku Copperbelt pa Khisimasi, ndi shuga ndi buledi. Agogo, poona alendo, asangalala, akamba bwino za kale kwa theka la ola, kenaka adandaula kuti awazunza. Alendo akhulupilila, akalipila mlongo wao, akwela basi. Wotsala alila yekha kuseli kwa nkhokwe. Inu a ku tauni, musanaweluze, gonani pakhomopo milungu iwili, mlongo wanu apite kukapuma. Mukatelo mudzakamba zina.

Tinenenso kuti wosamalila wotopa amafika pocita zimene iye mwini sanafune. Amakalipa, nthawi zina amamenya, ena amamanga agogo ndi cingwe kumtengo kapena kuwakhomela m'nyumba tsiku lonse kuti apeze mpata wolima. Zimenezi n'zoipa ndipo ziyenela kuleka. Koma amene aloza cala adzifunse kuti anali kuti pamene munthu mmodzi anali kugona maola atatu usiku uliwonse kwa zaka zinai. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mwini mbumba ndiye woyamba kuitana msonkhano. Atsibweni sali a maukwati ndi milandu cabe. Banja likhale pansi, ligawane: ndani agona ndi agogo masiku ati, ndani alima munda wa wosamalila, ndani atumiza ndalama zingati ndipo pa tsiku liti. Ana aamuna asabisale kumbuyo kwa mwambo wakuti sangasambike mai ao. N'zoona, koma kutunga madzi, kutema nkhuni, kukonza citseko ndi kupalila sikuletsedwa ndi mwambo uliwonse. Ndipo ngati wodwala ndi bambo amene anakwatila cikamwini, mkazi wake n'kumwalila, asakankhidwe uku ndi uku, a kucikazi akuti abwelele kwao, a kwao akuti mphamvu zake anathela kwanu. Nkhani za minda, ng'ombe ndi nyumba zikambidwe msanga, wodwala akali wokhoza kunena cifunilo cake, pamaso pa nyakwawa ndi mboni. Citupa ca NRC, khadi la kucipatala ndi nambala yacinsinsi ya ndalama za pafoni zisungidwe ndi munthu amene banja lonse lagwilizana, ndipo ndalama za agogo zigule za agogo.

Miphakati yathu ili ndi luso limene yaliika pansi. M'nthawi ya AIDS, magulu a Home Based Care a m'maparishi a Dayosizi ya Chipata, pamodzi ndi a mipingo ina, anali kuyenda mudzi ndi mudzi ndi ndowa, sopo ndi ufa wa phala. Anali kusambika odwala amene acibale anali kuwaopa. Ambili a amai amenewo akali moyo, ndipo adziwa kutembenuza wodwala kuti asacite zilonda. Cofunika tsopano n'cocepa poyelekeza ndi cija. Anthu awili a mumphakati akakhala ndi agogo Lacitatu m'mawa, ena awili Loweluka, wosamalila wapeza masiku awili a kumunda. Acinyamata akapita ndi makasu tsiku limodzi, mizele yatha. Papa Francis anakhazikitsa mu 2021 tsiku la agogo ndi okalamba, Sabata yacinai ya July, ndipo timawapatsa mcele ndi sopo pa tsikulo. N'zabwino. Koma agogo amene takamba pano pa tsikulo sabwela n'komwe ku chalichi, ndipo wowasamalila sabwelanso. Buku la Mphunzitsi Sira, lolembedwa zaka pafupifupi 200 Ambuye Yesu asanabadwe, m'mutu 3 limakamba kale za kholo limene nzelu zake zatha ndi kupilila kumene mwana ayenela kukhala nako. Lamulo lacinai silinena kuti ndi la ana aakazi okha.

Ife amene timayendela odwala taona cinthu cimene cimatitonthoza. Munthu amene waiwala maina a ana ake onse, mukayamba pemphelo limene anaphunzila ali mwana, milomo yake imatsatila mpaka kumapeto. Mukayamba nyimbo yakale ya kwaya, kapena ya pamtondo, aimba mau onse. Madokotala amati zimene munthu anaphunzila kale ndi kuzibweleza kambili, makamaka nyimbo, zimacedwa kufafanizika. Conco musaleke kuwayendela poganiza kuti sadzakumbuka kuti munabwela. Dzina lanu adzaiwala, koma mtima wao umakhala pansi tsiku lonse. Uzani katekisti kapena bambo mfumu kuti awabweletsele masakramenti, musadikile tsiku lakuti mpweya uli pafupi kutha.

Za pakhomo, cacikulu n'cakuti musakangane nao. Akati afuna kupita kwa amai ao, musawauze kuti amai anu anafa mu 1978, cifukwa adzalila malilo atsopano nthawi iliyonse. Afunseni za amai aowo, yendani nao pang'ono, kenaka bwelelani kudzamwa tiyi. Akati mwaba, funani nao pamodzi, ndipo phunzilani malo amene amabisa zinthu. Manja ao apatseni nchito: kutongola cimanga, kusankha nyemba, kupota cingwe, ngakhale kuti mudzabwelezanso. Cakudya, kusamba ndi kugona zikhale pa nthawi imodzimodzi, ndipo kuwasamutsasamutsa, mwezi uno ku Chipata mwezi wamawa ku Petauke, kumawasokoneza koposa. Mankhwala a thonje ndi osungila cimanga akhale pamalo okhoma, pakuti botolo lililonse kwa iwo ndi la madzi. Citsime civundikilidwe. Belu laling'ono kapena zitini pa citseko zidzakudzutsani usiku. Ndipo cifukwa midzi yambili ili pafupi ndi Great East Road ndi mseu wa ku Chanida kumene malole amathamanga, ndipo ku Vubwi munthu angaoloke malile osadziwa, sokelani pa covala cao kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Uzani anansi, a pa cigayo, a njinga zonyamula anthu ndi ana a sukulu kuti akawaona panjila awabweze mwaulemu. Kubisa matendawa cifukwa ca manyazi ndiko kumapatsa mpata onena za licelo.

Boma nalo lili ndi mbali yake, ndipo Katete ali ndi mbili pankhani ya okalamba. Mu 2007 m'madela ena a boma lino munayamba kuyesedwa nchito yopatsa ndalama mwezi ndi mwezi munthu aliyense wa zaka 60 kupita m'mwamba. Mu 2015 dziko linakhala ndi National Ageing Policy. Social Cash Transfer imafika kwa okalamba ambili, koma wosamalila, amene wasiya munda wake, palibe buku limene amalembedwamo. Tipempha a Social Welfare ndi makomiti ao a m'midzi kuti polemba maina aziyang'ana makomo otele. Tipempha a zaumoyo kuti anamwino a m'makiliniki ndi odzipeleka a m'midzi aphunzitsidwe kuzindikila matendawa, kuti mai wa zaka 80 asangopatsidwa Panadol n'kuuzidwa kuti ndi ukalamba. A Radio Maria, a Mphangwe ndi a Breeze FM angathandize poitana dokotala kudzayankha mafunso m'Cinyanja.

Pamsonkhano wa mphakati wa Sabata ino, atsogoleli afunse kuti ndi makomo angati m'dela lao muli nkhalamba yotele, kaya ndi ya Katolika, ya Reformed, ya Anglican, ya Cisilamu kapena yosapemphela. Maina alembedwe, auzidwe nyakwawa, ndipo tsiku lokalima munda wa wosamalila aliyense lisankhidwe mu October muno, mvula yoyamba isanagwe.